Khungu ndi Ukalamba: Phunziro la Ulusi Wotchedwa Kolajeni

Munthu aliyense amene anagwirapo tsaya la khanda, kenaka n'kugwira dzanja la nkhalamba, amadziwa kuti khungu limasintha ndi zaka. La khanda ndi losalala, lodzaza ndi lofewa, pamene la nkhalamba ndi lopyapyala, louma ndi la makwinya. Anthu ambiri amayesa kuti kusinthaku ndi nkhani ya maonekedwe chabe, koma ogwira ntchito m'zipatala amaona mbali ina ya nkhaniyi tsiku ndi tsiku. Mnyamata akadzitema ndi khasu, bala lake limapola m'masabata owerengeka. Agogo ake akakandika ndi munga pa mwendo, kabala kakang'onoko kakhoza kusanduka chilonda cha miyezi, ndipo nthawi zina chilondacho chimawagoneka pa mphasa osadzukanso.

Gwero lalikulu la kusiyana kumeneku lili pansi pa khungu limene maso amaona, mu ulusi wotchedwa kolajeni. Phunziro la mwezi uno likufotokoza za ulusi umenewu, mmene umasinthira munthu akamakula, zinthu zimene zimauwononga nthawi yake isanakwane, ndiponso mmene banja lingasamalire khungu la okalamba ake.

Magawo atatu a khungu

Khungu la munthu wamkulu, litati liyalidwe pansi ngati mkeka, likhoza kukuta malo okwana pafupifupi mamita 2 m'litali ndi mita 1 m'lifupi. Lili ndi magawo atatu osanjikizana.

Gawo lapamwamba ndi lopyapyala kwambiri. Limeneli ndilo limatchinga madzi, fumbi ndi tizilombo toyambitsa matenda. Limafundula pang'onopang'ono, kotero kuti mwa munthu wachinyamata limakhala litasinthika lonse pakatha pafupifupi mwezi umodzi. M'gawo limeneli mulinso utoto wachilengedwe wotchedwa melanini, umene umapatsa khungu mtundu wake.

Gawo lapakati ndi lokhuthala, ndipo mphamvu ya khungu ili m'menemu. Muli timitsempha ta magazi, mitsempha yomvera kutentha ndi ululu, mizu ya ubweya, ndiponso timatumba totulutsa thukuta ndi mafuta. Zonsezi zakhazikika pakati pa ulusi wolukana ngati mkeka. Madzi a m'gawo limeneli atachotsedwa, magawo oposa 70 mwa 100 a zotsalazo angakhale kolajeni. Pakati pa kolajeniyo pamadutsa ulusi wina wochepa wotchedwa elasitini, umene umatamuka ndi kubwerera ngati mphira wa legeni.

Gawo lapansi ndi la mafuta. Limasunga kutentha kwa thupi, ndipo limakhala ngati chotsamira pakati pa khungu ndi mafupa.

Kodi kolajeni n'chiyani?

Dzinali ndi lachilendo, koma chinthucho anthu a kumudzi amachidziwa bwino. Mayi akaphika mang'ina kwa nthawi yaitali, msuzi wake umanata m'zala, ndipo ukagona umagwirana. Chimene chimaugwiranitsa ndi kolajeni amene wasungunuka kuchokera ku khungu ndi mitsempha ya mapazi a ng'ombe. Chikopa chimene amakungira ng'oma, cholimba kotero kuti chimapirira kuombedwa usiku wonse, nachonso mbali yake yaikulu ndi kolajeni. Kale anthu a m'maiko ambiri ankawiritsa zikopa kuti apeze zomatira matabwa, ndipo dzina loti kolajeni linachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza zomatira.

Kolajeni ali m'gulu la mapuloteni, zinthu zomanga thupi, ndipo ndiye wochuluka koposa onse. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mapuloteni a m'thupi la munthu ndi kolajeni. Amapezeka m'khungu, m'mafupa, m'nkhama, m'mitsempha ya magazi ndi m'zingwe zolumikiza minofu ku mafupa.

M'chaka cha 1954, akatswiri awiri a sayansi a ku Madras m'dziko la India, G. N. Ramachandran ndi Gopinath Kartha, anaonetsa kuti kolajeni ndi tizingwe titatu topotedwa pamodzi. Aliyense amene anapotapo chingwe cha khonje amadziwa kuti kachingwe kamodzi kamaduka msanga, koma titatu topotana timamanga ng'ombe. M'khungu, zingwe zoterezi zimaphatikizana kukhala mitolo, ndipo mitoloyo imalukana mopingasa. N'chifukwa chake khungu labwino limakokeka mbali zonse osang'ambika.

Oluka ulusi ndi zipangizo zawo

Thupi linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. M'gawo lapakati la khungu muli maselo otchedwa fibroblast, amene ntchito yawo ndi kuluka kolajeni. M'phunziro lino adzitchedwa maselo oluka. Thupi lilinso ndi timadzi tina timene timadula ulusi wakale kapena wowonongeka kuti watsopano ulowe m'malo mwake. Ntchito ziwirizi, yoluka ndi yodula, zimayendera limodzi moyo wonse. Komabe zimayenda modekha kwambiri: kuti theka la kolajeni wa m'khungu lisinthidwe pamapita zaka pafupifupi 15. Motero chimene chawononga ulusiwu lero chimakhalabe m'khungu kwa zaka zambiri.

Maselo oluka amafuna zipangizo ziwiri zazikulu. Choyamba ndi zakudya zomanga thupi, monga nyemba, nandolo, khobwe, nzama, mtedza, soya, usipa, matemba, mazira, mkaka ndi nyama. Chachiwiri ndi vitamini C, wopezeka m'zipatso ndi m'ndiwo zamasamba. Popanda vitamini ameneyu tizingwe titatu tija sitipotana molimba, ndipo ulusi umatuluka wofooka.

Umboni wa zimenezi unaoneka kale pakati pa amalinyero a ku Ulaya, amene ankatha miyezi pa nyanja osadya chipatso kapena masamba. Iwo ankadwala matenda otchedwa scurvy: nkhama zinkatupa ndi kuchucha magazi, mano ankagwedera, ndipo mabala sankapola. Pa ulendo wozungulira dziko lapansi umene anatsogolera George Anson wa ku Britain, kuyambira 1740 mpaka 1744, olemba za ulendowo anasimba kuti zipsera za mabala amene anapola zaka zambiri m'mbuyomo zinatsegukanso. Chipsera ndi kolajeni, tsono thupi litalephera kuluka watsopano, chakalecho chinamasuka. M'chaka cha 1747, dokotala wina wa ku Scotland, James Lind, anayesa machiritso osiyanasiyana pa amalinyero 12 odwala matendawa, ndipo amene anapatsidwa malalanje ndi mandimu ndiwo anachira msanga. Matenda omwewa akhoza kugwira munthu aliyense amene watha mwezi umodzi mpaka itatu akudya nsima ndi ndiwo zouma zokhazokha, makamaka nkhalamba yokhala yokha.

Zimene zaka zimachita

Mwa mwana ndi wachinyamata, kuluka kumapambana kudula. Munthu akapitirira zaka za m'ma 20, zinthu zimayamba kutembenuka, ndipo kolajeni amasintha m'njira zitatu.

Choyamba, amachepa. M'chaka cha 1975, dokotala wa matenda a khungu wa ku England, Sam Shuster, ndi anzake awiri, atayeza khungu la anthu a misinkhu yosiyanasiyana, anapeza kuti munthu wamkulu amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a kolajeni wa m'khungu chaka chilichonse. Gawo limodzi pa chaka limaoneka laling'ono, koma nkhokwe imene akutapamo tsiku ndi tsiku, osathiramo zokwanira, imafika poonekera pansi. Pakatha zaka 40 kapena 50, khungu limakhala litapyapyala ndithu.

Chachiwiri, amaduka. Mitolo imene inali yaitali ndi yolukana bwino imasanduka zidutswa zomwazikana. Apa pali vuto lina. Maselo oluka amagwira bwino ntchito pamene agwirira pa ulusi wokungika, monga woluka mkeka amene wapondera mbali imodzi kuti akoke inayo. Ulusi ukaduka, maselowo amasowa pogwira, amafota, ndipo amaluka wochepa kwinaku akutulutsa timadzi todula tochuluka. Kuwonongeka kumabala kuwonongeka kwina.

Chachitatu, ulusi wotsalawo umauma gwa. Shuga wa m'magazi amamatirira pang'onopang'ono ku kolajeni n'kumangirira zingwe zoyandikana pamodzi. Ulusi wotere sufewa, ndipo thupi limavutika kuuchotsa kuti liikepo watsopano.

Pa nthawi yomweyo elasitini naye amafooka, mafuta a pansi pa khungu la manja ndi miyendo amachepa, ndipo timatumba ta mafuta ndi thukuta timagwira ntchito mochepa. Malire a gawo lapamwamba ndi lapakati, amene pa unyamata amalowerana ngati zala za manja awiri opingana, amasalala, kotero kuti gawo lapamwamba limasendeka mosavuta.

Amayi ali ndi nyengo yawoyawo. Pa msinkhu uliwonse khungu la mkazi limakhala ndi kolajeni wochepa poyerekeza ndi la mwamuna. Kuwonjezera apo, thupi la mayi limatulutsa timadzi totchedwa esitirojeni timene timalimbikitsa maselo oluka. Mayi akasiya msambo, kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55, timadzi timeneti timachepa mwadzidzidzi, ndipo khungu likhoza kutaya mpaka magawo 30 mwa 100 a kolajeni wake m'zaka zisanu zoyambirira. Mayi amene waona khungu lake likuuma ndi kupyapyala pa nyengo imeneyi asaganize kuti wina wamuchita chipongwe.

Chimodzimodzinso makwinya akuya, masaya olowa ndi manja a mitsempha yoonekera si chizindikiro cha ufiti. Ndi ulusi umene wagwira ntchito zaka zambiri. Wachinyamata amene akuloza chala nkhalamba lero kaamba ka maonekedwe ake, adzakhala ndi khungu lomwelo akapatsidwa moyo wautali.

Adani ofulumizitsa ukalamba wa khungu

Zaka palibe amene angaziimitse, koma pali zinthu zina zimene zimathamangitsa kuwonongekaku, ndipo zimenezi munthu akhoza kuzipewa.

Dzuwa. Aliyense angadzionere yekha poyerekeza khungu la kuseri kwa dzanja la agogo ndi la mkati mwa mkono wawo, pafupi ndi kukhwapa. Makungu onse awiri ali ndi zaka zofanana, koma lobisikalo ndi losalala kuposa linzake. M'kuwala kwa dzuwa muli cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa UV. Akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya Michigan ku America anaonetsa m'zaka za 1996 ndi 1997 kuti cheza chimenechi chimadzutsa timadzi todula kolajeni patangopita maola ochepa chifikireni pa khungu. Melanini amatchinga mbali yaikulu ya chezachi, n'chifukwa chake anthu akuda amachedwa kuchita makwinya poyerekeza ndi azungu. Komabe satchinga chonse. Anthu achialubino, amene kalembera wa 2018 anapeza kuti analipo 134,636 m'Malawi, ali ndi melanini wochepa kwambiri kapena alibiretu. Khungu lawo limapsa, limakhakhala ndi kukalamba adakali ana, ndipo khansa ya pakhungu imawagwira mosavuta ngati satetezedwa.

Fodya. Utsi wa fodya, kaya wa ndudu za m'sitolo kaya wachingambwe, umafinya timitsempha ta magazi ta m'khungu, kotero kuti maselo oluka amalandira mpweya ndi chakudya chochepa. Umamalizanso vitamini C m'thupi. M'chaka cha 1971, dokotala wa ku California, Harry Daniell, atayang'ana nkhope za anthu oposa 1,000, anapeza kuti osuta anali ndi makwinya ochuluka kuposa anzawo a msinkhu womwewo osasuta. Choopsa kwambiri n'chakuti bala la munthu wosuta limachedwa kupola, ngakhale la opaleshoni.

Matenda a shuga. Shuga akachuluka m'magazi kwa zaka, kuuma kwa ulusi kuja kumachitika msanga. Matendawa amawononganso mitsempha, kotero kuti mapazi amachita dzanzi. Munthu amaponda munga osamva, ndipo chilonda chimakula iye asakudziwa.

Mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa mafuta amenewa, ogulitsidwa m'misika popanda chilolezo cha dokotala, amakhala ndi mankhwala amphamvu a mtundu wa steroid, monga clobetasol ndi betamethasone. Mankhwalawa amaletsa maselo oluka kugwira ntchito. Mtsikana wa zaka 25 amene wadzola kwa miyezi yambiri amapezeka ndi khungu lopyapyala ngati la nkhalamba, la mitsempha yoonekera, ndiponso la mizere yong'ambikira mkati imene siichoka. Mafuta ena amakhala ndi mercury, amene amawononga impso. Ena amakhala ndi hydroquinone, amene madokotala a ku South Africa anafotokoza m'chaka cha 1975 kuti akadzoledwa nthawi yaitali amasiya mawanga akuda bii ovuta kuchiza. Boma la dzikolo linaletsa mankhwalawa m'mafuta odzola m'chaka cha 1990. Melanini amene wodzolayo akumuchotsa ndiye mlonda wa kolajeni wake. Koma wodwala amene wapatsidwa mankhwala a steroid ndi achipatala kaamba ka matenda ena asasiye yekha. Atsate malangizo amene anapatsidwa.

Kudya mosakwanira. Okalamba ambiri alibe mano, ena amadya otsiriza, ndipo ena amasiyira adzukulu ndiwo. Thupi losowa zipangizo silingaluke.

Chifukwa chake nkhaniyi ili yofunika pa chipatala

Bala limapola ndi kolajeni. Magazi akaleka kutuluka, maselo oluka amasonkhana pabalapo n'kuyamba kulumikiza mbali ziwirizo. Pakatha masabata 3, malo opolawo amakhala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu ya khungu labwino. Pakatha miyezi 3 amafika pa magawo 80 mwa 100, ndipo sapitirira pamenepo. Mwa achinyamata, makamaka akhungu lakuda a zaka zapakati pa 10 ndi 30, maselo oluka nthawi zina amapyola muyeso, ndipo chipsera chimatukumuka n'kukula kuposa bala lenilenilo, monga zimachitikira pa khutu loboola kapena pa mphini. Mwa okalamba vuto ndi losiyana: ntchito yonse imachedwa, bala limakhala lotseguka masiku ambiri, ndipo tizilombo timapeza khomo.

Pa chifukwa chimenechi pali zinthu zinayi zimene banja lililonse liyenera kuzidziwa.

Khungu la nkhalamba limang'ambika ndi zinthu zazing'ono: kukokedwa pa mkono podzutsidwa, kugunda mwendo pa mpando, kapena kumatulidwa pulasitala mwamphamvu.

Mikwingwirima imaoneka popanda kumenyedwa, makamaka kuseri kwa manja ndi pa mikono, chifukwa timitsempha ta magazi tataya ulusi umene unkatichirikiza. Komabe mikwingwirima yochuluka, ya m'malo obisika, kapena yotsagana ndi magazi a m'nkhama, iyenera kuonedwa ndi achipatala.

Wodwala wogona malo amodzi amachita zilonda pamene fupa likukanikiza khungu pa mphasa: m'chiuno, kumapeto kwa msana, pa zidendene, pa zigongono ndi pa mapewa. Pa khungu lakuda chiyambi chake sichifiira. Malowo amada kuposa pozungulira, amatentha kapena kulimba. Zilonda zimenezi zikhoza kuyamba m'maola ochepa, koma kupola kwake kumatenga miyezi.

Pomaliza pali nkhani ya kutsina khungu. Mwana akatsegula m'mimba, namwino amatsina khungu la pamimba pake, ndipo likachedwa kubwerera amadziwa kuti madzi achepa m'thupi. Mwa nkhalamba chizindikiro chimenechi n'chosadalirika, popeza khungu lotaya ulusi limachedwa kubwerera ngakhale madzi alimo okwanira. Osamalira ayang'ane zina: lilime louma, mkodzo wochepa ndi wachikasu kwambiri, chizungulire, kufooka ndi kusokonezeka maganizo. Okalamba samva ludzu msanga, tsono apatsidwe madzi asanapemphe, ndipo akatsegula m'mimba apatsidwe madzi a ORS monga amachitira ndi ana.

Za kolajeni wa m'mabotolo

Masiku ano m'masitolo a m'tauni muli mafuta, ufa ndi mapiritsi olembedwa kuti kolajeni, ndipo mitengo yake ndi yokwera. Kolajeni wodzola ndi wamkulu kotero kuti sangadutse gawo lapamwamba la khungu. Amangofewetsa pamwamba, monga amachitira mafuta wamba. Kolajeni wakumwa akafika m'mimba amagayidwa kukhala tizidutswa, ngati mapuloteni ena onse, ndipo thupi limatitumiza kumene likufuna. Kafukufuku wina waonetsa kusintha pang'ono pa khungu la omwa ufawu, koma wambiri mwa kafukufuku ameneyu analipiridwa ndi ogulitsa omwewo. Banja la ndalama zochepa lichita bwino kugula usipa, mazira ndi zipatso.

Kusamalira khungu pa msinkhu uliwonse

1. Banja lidye zakudya za magulu onse 6, ndipo okalamba apatsidwe gawo lawo la ndiwo. Opanda mano awasinjire usipa kapena mtedza n'kuthira m'phala, ndipo nyemba ziphikidwe mpaka zifewe.

2. Chipatso chisasowe tsiku lililonse. Munthu wamkulu amafuna mamiligalamu pafupifupi 45 a vitamini C pa tsiku, ndipo gwafa mmodzi wakupsa amapereka oposa amenewa. Malambe, masau, mapapaya, mango, malalanje, mandimu ndi matimati nazonso ndi zothandiza.

3. Ndiwo zamasamba monga bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru ndi kholowa ziphikidwe ndi madzi ochepa, kwa nthawi yochepa, ndipo msuzi wake usatayidwe. Soda ndi chidulo zimawononga vitamini C, motero zisathiridwe m'ndiwo zonse. Chigwada chokha ndicho chiyenera kusinjidwa ndi kuphikidwa mokwanira, chifukwa chosapsa chili ndi poizoni.

4. Dzuwa limaotcha kwambiri kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Mlimi wolawirira kumunda amadziteteza kale. Chipewa cha mlaza chotambalala ndi malaya a manja aatali zimathandiza aliyense. Kwa munthu wachialubino zimenezi ndi zofunika tsiku lililonse kuyambira ali khanda, pamodzi ndi mafuta oteteza ku dzuwa, amene makolo ayenera kukafunsa ku chipatala.

5. Wosuta aleke fodya. Magazi amayamba kuyenda bwino m'khungu patangopita masabata ochepa, ngakhale mwa munthu wachikulire.

6. Nkhalamba isambe madzi ofunda, osati otentha kwambiri, ndi sopo wochepa. Isakhulidwe ndi mwala kapena chinkhupule chokhakhala. Ipukutidwe mogunditsa nsalu pang'onopang'ono, kenaka idzozedwe mafuta wamba khungu lisanaumiretu.

7. Podzutsa wodwala, womuthandiza alowetse mkono wake kumsana kapena pansi pa mapewa, osakoka dzanja. Zikhadabo za onse awiri zikhale zowenga.

8. Wodwala wosatha kudzitembenuza atembenuzidwe maola 2 aliwonse, usana ndi usiku. Pogona pake pakhale pofewa, pouma ndi popanda zinyenyeswa. Akadzinyowetsa asinthidwe nthawi yomweyo.

9. Wodwala shuga ayang'ane mapazi ake madzulo alionse, mpaka pakati pa zala, ndipo asayende wopanda nsapato. Ngati maso ake saona bwino, mdzukulu amuyang'anire.

10. Khungu likang'ambika, litsukidwe ndi madzi owiritsa ozizira, kachikopa kosendekako kabwezeredwe pamalo pake mofatsa, ndipo pamangidwe kansalu koyera. Pulasitala womata asaikidwe pa khungu lopyapyala. Dothi, ndowe, phulusa ndi zamkati mwa mabatire zisaikidwe pa bala, chifukwa zimawononga minofu ndipo zina zimabweretsa kafumbata.

Nthawi yopita ku chipatala

Wodwala atengeredwe ku chipatala mosazengereza ngati bala ndi lakuya kapena lodetsedwa ndi dothi. Ngati likutupa, likutentha, likununkha kapena kutuluka mafinya. Ngati thupi latentha. Ngati wodwala shuga ali ndi bala lililonse pa phazi, ngakhale laling'ono. Ngati paoneka chiyambi cha chilonda cha pogona. Ndiponso ngati bala latha masabata 2 osaonetsa kuti likupola. Chilonda chimene chatha mwezi, kapena chotupa chimene chikukula ndi kuchucha magazi, chiyenera kuyezedwa, popeza khansa ya pakhungu imachizika ikapezeka msanga. Okalamba ambiri amabisa zilonda zawo poopa kuvutitsa ana, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndi udindo wa a m'banja kufunsa mwaulemu ndi kuyang'ana. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera akhoza kuthandiza banja kudziwa ngati chilonda chifunika kuonedwa ku chipatala chachikulu.

Makwinya safunika mankhwala. Chofunika ndi kusunga ulusi umene ulipo pa unyamata, ndi kugwira mosamala khungu limene ulusi wake wachepa. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mudzi umene umasamala matupi awo umakhala nawo nthawi yaitali.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Kodi kolajeni amapezeka m'gawo liti la khungu, ndipo ntchito yake ndi yotani?

2. Ndi njira zitatu ziti zimene ulusiwu umasinthira munthu akamakalamba?

3. Ndi zipatso ziti zopezeka m'dera lino m'nyengo ya dzinja, ndipo ndi ziti za m'chilimwe?

4. N'chifukwa chiyani kutsina khungu sikuthandiza kudziwa kuchepa kwa madzi m'thupi la nkhalamba?

5. Kodi mtsikana amene akufuna kuyamba mafuta oyeretsa khungu angalangizidwe motani?

6. Ngati m'mudzi muli wodwala wogona malo amodzi, kodi abale angagawane bwanji ntchito yomutembenuza usiku?